Njinga ya ku Milano

Panali chinthu chimene ndinali ndisanauzepo munthu, ngakhale wansembe. Mwezi wa Januwale, agogo anga a Tesfazghi atapita ku ukwati ku Segeneiti, ndinatsitsa njinga yawo pakhoma, ndinaikwera, ndipo ndinaithyola.

Si njinga wamba. Ndi yachitsulo, ya mpikisano, yobiriwira, ndipo yakhala pa misomali iwiri pabalaza kuyambira ndisanabadwe. Agogo amati inabwera pa sitima ya pamadzi kuchokera ku Milano, m'dziko la Italy. Amalume anga a Mebrahtu anaikwerapo kamodzi kukagula buledi, ndipo agogo sanawalankhule zaka zisanu ndi zinayi. Amayi anachita kugwada kuti agogo avomere kudzapita ku ubatizo wa mwana wa amalumewo. Tsopano ganizani za ine, amene ndimadya m'nyumba mwawo.

Chimene ndinathyola ndi foloko, chitsulo cha mphanda chogwira tayala lakutsogolo. Ndinkatsetsereka mumsewu wa ku Massawa, mbuzi inadutsa, zina zonse sindikumbuka. Ndinaikankha mpaka kumsika wa Medeber, ndinabwereka moto wa gasi kwa bambo wina wopanga mbaula, ndipo ndinalumikiza ndi mkuwa monga anatiphunzitsira kusukulu ya ntchito zamanja. Zinanditengera masiku atatu. Ndinapala ndi tupa, ndinapaka penti, ndinaibwezera pa misomali yake. Maso a agogo ndi ofooka, sanaone kanthu.

Loweruka, kutatsala tsiku limodzi kuti ubatizo uchitike, kunabwera a Habteab, mphunzitsi wopuma pantchito amene akulemba buku la amisiri akale opanga njinga muno mu Asmara. A Habteab ndi munthu woti ukawafunsa kuti "Mwadzuka bwanji?" amakuuza bondo limene likupweteka, ndi nthawi imene linayamba. Ine agogo anandiuza kuti ndiphike khofi. Mlendo sanyamuka asanamwe kapu yachitatu, ndipo wophika sachoka pambaula. Choncho ndinakhala pakampando kanga, moyang'anizana ndi tchimo langa.

"Mwaiona?" anatero agogo, akuloza ndi ndodo. "Ya ku Milano. Lembani."

"Ndilemba ndikaiyeza, Aboy," anatero a Habteab. Aboy ndi mawu aulemu a kwathu kuno, ngati kunena kuti bambo.

"Muyezanso chiyani? Dzina si ilo? Corvelli, Milano. Kapena kusukulu kwanuko simunkaphunzitsa kuwerenga?"

"Ndinkaphunzitsa masamu."

"N'chifukwa chake."

"Ndingaitsitse?"

"Munasamba m'manja?"

"Kawiri. Nditadzuka, komanso nditadya. Kachiwiriko ndi sopo."

Agogo anakweza ndodo pang'ono, kuwaloleza. A Habteab anaitsitsa, naigadabuza pamkeka, matayala m'mwamba.

"Iii! Mukuiyang'ana kumimba ngati nkhosa ya pamsika!"

"Amisiri amasaina kunsi, Aboy." Anatulutsa galasi lokulitsira zinthu, nagwada. Kenaka anavula chipewa. "Mizere itatu."

"Yachita chiyani?"

"Mizere itatu yodula ndi tupa, pansi pa zopalasira. Okbazghi! Aboy, mwadalitsika. Njinga iyi anapanga ndi malemu Okbazghi wa ku Medeber."

"Uti? Wowotcherera mabedi uja?"

"Yemweyo!"

"Uja anangoipopa matayala kamodzi. Ndiye kusaina kwakeko n'kwa mpweya."

"Ayi, chizindikirochi ankaika pa felemu yokhayo imene wapanga yekha. Tamverani." A Habteab anagogoda chitsulo chapakati ndi cholembera. Ngo, ngo. "Mwamva?"

"Ndamva Chitaliyana."

"Ndi paipi ya bedi. Mabedi a zitsulo zoonda aja ankagonapo asilikali. Okbazghi ankawagula ophwanyika, n'kusankhamo mapaipi owongoka."

"Nanga ku Milano kulibe mabedi? Anthu amagona choimirira?"

A Habteab anaganiza. "Sindinafikeko. Koma ndikukhulupirira kuti mabedi aliko."

"Basi, mwadziyankha nokha. Luwam, utsi!"

Luwam ndine. Ndinanyamuka ndi kachiwaya ka khofi wokazinga, ndinapititsa kwa mlendo kuti anunkhize, kenaka kwa agogo. A Habteab anakupizira utsi kumphuno kwawo, maso ali panjinga. Anali adakali kumbuyo, kutali ndi foloko. Ndinapemphera kuti bondo lawo liwapweteke msanga. Kenaka ndinasinja khofi, ndinaphika, ndinathira kapu yoyamba.

"Za dzinali ndafufuza," anapitiriza. "Ndinalemba makalata anayi. Ku Milano kunalibe wopanga njinga wotchedwa Corvelli."

"Makalata anu anasochera."

"Anayankhidwa onse. Dzinali Okbazghi analitenga pa chitini cha tomato. Mkazi wake wandionetsa chitinicho, amasungiramo mabatani."

"Ha! Banja lolimbikira ntchito. M'mawa tomato, masana njinga."

"Aboy, ndaona njinga khumi ndi imodzi za dzina lomweli. Zonse ndi za Okbazghi."

"Ndiye mwaona zabodza khumi ndi chimodzi. Ankakopera yangayi."

"Zinayi mwa izo ndi zakale kuposa yanu."

"Ankakopera isanafike. Mbiri inatsogola."

A Habteab analemba zimenezo m'kope mwawo, kenaka anaziyang'ana, nazifufuta.

"Mundimvetse, Aboy, ine ndikukuyamikirani. Zaka zimene zija kunalibe sitima yobweretsa njinga. Anyamata a mpikisano ankakana kukwera chopangidwa kuno, ankati achita manyazi pamaso pa atsikana. Ndiye Okbazghi ankapanga, n'kulembapo dzina la kutsidya kwa nyanja, iwo n'kumapambana. Ya ku Italy aliyense angagule. Koma iyi? Izi zatsala khumi ndi ziwiri padziko lonse!"

"Mwamwa khofi wanga kapu imodzi, ndipo mwanena kale kuti ndinapambana mpikisano wa ku Keren nditakwera bedi."

"Bedi ndi theka. Zitsulo zakumbuyozi zikuoneka za mpando."

"Luwam, kapu yachiwiri ya aphunzitsi usaike shuga."

"Zikomo," anatero a Habteab. "Adokotala anandiletsa."

Ndinathira madzi ena mumtsuko, ndinaubwezera pamakala. Ndinaika lubani wambiri pamoto kuti mwina utsi uwatseke m'maso. Sunawatseke. Anasuntha ndi mawondo pamkeka, pang'onopang'ono, kudutsa tcheni, kudutsa zopalasira, mpaka anafika kutsogolo. Anaika galasi pa foloko. Ine ndinayang'ana mbuliuli m'mbale, ndipo ndinayamba kuziwerenga.

"Aaa," anatero.

"Chiyaninso? Mwapeza poto?"

"Aaa, ayi. Aboy, apa si Okbazghi."

Agogo anawongoka pampando. "Bwerezani."

"Foloko iyi. Polumikiza apa si dzanja la Okbazghi. Onani mmene mkuwa walowera, wazungulira ponse, palibe bowo, palibe dontho lotsala. Munthu uyu amadziwa nthawi yochotsa moto."

"Mwaona! Mwaona! Luwam, wamva? Milano! Ndakhala ndikunena kuyambira m'mawa!" Anamenya ndodo pansi. "Chabwino, tengani bedi lanulo, tengani mpando, tengani ndi tomato yemwe. Koma foloko ndi ya ku Milano. Azungu aja akagwira chitsulo chimamvera. Lembani!"

Sindiname. Mkati mwa mantha onse aja munali kachinthu kena kotentha, kokoma. Palibe munthu anali atanenapo zotero za ntchito ya manja anga. Aphunzitsi athu a kusukulu anangolemba kuti "Amachedwa."

"Sindingalembe Milano," anatero a Habteab. "Pentiyi ndi ya chaka chino."

"Ndi penti yabwino. Sikalamba."

"Ikulowa chikhadabo. Yakaleyi siilowa. Ndipo mkuwa sunade. Foloko inathyoka apa, inalumikizidwa miyezi itatu yapitayo, mwina inayi."

"Njinga iyi sinatsike pakhoma zaka zisanu ndi zinayi."

"Ndiye inathyokera pakhoma."

"Zingatheke bwanji?"

"Sizingatheke. Ndimangotsatira mawu anu."

Ndinathira kapu yachiwiri. Ndimathira ndi dzanja lamanja, chifukwa amayi anandimenya kokwanira ndili mwana, koma tupa ndimagwirira kumanzere. Khofi anatayikira m'mbale. Palibe anandiyang'ana. Anthu sandiyang'ana kawirikawiri, ndipo tsiku limenelo ndinathokoza Mulungu chifukwa cha mphatso imeneyi.

"Izi ndi zazikulu," a Habteab ankalankhula mofulumira tsopano, akulemba. "Ine ndimayesa kuti amisiri onse anatha. Mutu womaliza wa buku langa ndi wa maliro okhaokha. Koma alipo wina, wamoyo, muno mumzinda! Wamanzere. Onani mizere ya tupa, yapendekera uku. Zala zing'onozing'ono, chifukwa wafika mkati mwa mphandamu. Ndinganene kuti ndi bambo wa zaka makumi asanu kapena kuposa, amene wakhala pamoto moyo wake wonse. Ndiponso anali ndi mantha."

"Mantha mwawaona pagalasi?"

"Wapala mopitirira pofunika. Amisiri amatero akamaopa mwini wake."

"Ankaopa bwino."

"Tiyenera kumupeza, Aboy."

"Apo ndiye mwanena zanzeru koyamba. Tiyenera kumupeza."

"Lero lomwe, ngati n'kotheka."

"Dzuwa lisanalowe."

"Ndikufuna ndimujambule chithunzi."

"Inde, apolisi amafuna chithunzi."

"Ndimupatsa tsamba lonse."

"Mumupatse awiri. Anthu amudziwe."

"Ndikufuna ndimugwire dzanja."

"Inu mugwire dzanja, ine ndigwira khosi."

A Habteab anaima kulemba. "Khosi silifunika m'bukuli."

"Munthu walowa m'nyumba mwanga, waba foloko yanga ya ku Milano, waikapo yake yachabechabe..."

"Sanabe. Foloko ndi yomweyo. Ndipo mwanena nokha kuti chitsulo chinamumvera."

"Ndinanena ndisanadziwe kuti ndi wakuba!"

"Mkuwa sunasinthe chinenereni."

A Habteab anabwezanso galasi kumaso, natokosa ndi cholembera pabuleki yakutsogolo. Anatulutsa kanthu, nakakweza kuwindo.

"Ubweya," anatero. "Wa mbuzi. Yoyera, ya mawanga."

Ndinaikumbuka mbuziyo. Inadzuka, inandiyang'ana, n'kupitiriza kudya.

Agogo anatseka maso. Atatsegula, mawu awo anali otsika, ndipo ndimawadziwa mawu amenewo.

"Mebrahtu."

"Ameneyo ndi mmisiri?"

"Ndi mwana wanga. Kale ananyamulirapo buledi, tsopano wanyamulirapo mbuzi. Mbuzi ya phwando la ubatizo! Ankafuna ndikadye nyama imene inathyola njinga yanga, ndikumusekerera, mwana wake ali pamiyendo panga!"

"Kodi ndi wamanzere?"

"Ndidziwa bwanji? Zaka zisanu ndi zinayi sindinamuyang'ane."

"Amagwira ntchito yanji?"

"Amadinda makalata ku ofesi."

"Ndiye si iye. Wodinda makalata sangalumikize chonchi."

"Analemba ganyu munthu."

"Ndiye timufunse kuti munthuyo ndani!" A Habteab anasangalala. "Aboy, mwana wanu watichitira zabwino. Watipezera mmisiri woposa Okbazghi."

Agogo anatembenuka pang'onopang'ono. Ngakhale mtsuko unaleka kuwira.

"Woposa ndani?"

"Okbazghi. Ndikunena monga woyeza. Okbazghi ankafulumira. Onani apa pansi pa chishalo, anasiya dontho la mkuwa. Uyu sanasiye."

"Dontho?" Agogo anaimirira, osagwira ndodo. "Inu, munthu wa choko, mukunena Okbazghi kuti ankafulumira? Dontho limenelo analisiya dala, kuti chishalo chisang'ambe paipi pokwera phiri! Masabata atatu anaipanga njinga iyi! Moto wake unali wa makala ndi mvukuto, osati gasi wanu wa masiku anoyu. Ine ndemwe ndinkagwira mapaipi ndi chiguduli chonyowa, iye akuthira mkuwa. Chipsera chake si ichi? Bedi lake ndinanyamula pamutu kuchokera ku..."

Anaima. Dzanja la chipsera linali lidakali m'mwamba.

A Habteab ankalemba. "Makala ndi mvukuto. Masabata atatu. Bedi munalitenga kuti, Aboy?"

Agogo anakhala pansi pang'onopang'ono. Anakonza chovala chawo paphewa.

"Ndimanena njinga ina."

"Munali ndi ziwiri?"

"Luwam, kapu yachitatu. Aphunzitsi akuchedwa kwawo."

"Sindikuchedwa. Basi yanga ndi ya folo koloko."

Ndinathira yachitatu, ya madalitso. Makutu a agogo anali atafiira. Sindinawaonepo atachita manyazi, ndipo ndinadziwa kuti manyazi amenewo sakhala nawo nthawi yaitali, awapatsira munthu wina. Anapisa m'thumba, natulutsa foni.

"Iwe, ndiimbire amalume ako. Manambalawa sindiwaona. Ndimuuze kuti mawa asandiikire mpando. Mwana wakeyo akam'batize ndi mbuzi yakeyo."

"Mukamaliza mundipatse," anatero a Habteab. "Ndifunse dzina la mmisiri."

Foni inali m'manja mwanga. Ndinaganiza zonena kuti mulibe mayunitsi. Ndinaganiza zonena kuti moto watha. Ndinaganiza za amayi, amene anali kwa amalume nthawi yomweyo, akusenda anyezi wa phwando, atasita kale malaya oyera a agogo. Kenaka ndinaganiza za zaka zisanu ndi zinayi. Ndinawerengera kuti ndidzakhala ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi pamene agogo adzandifunsenso kuti ndadzuka bwanji.

"Ukudikira chiyani? Kapena nawenso maso afooka?"

Ndinadina. Inalira kamodzi kokha.

"Aboy?" Mawu a amalume anamveka m'chipinda chonse. Kumbuyo kunkamveka mapoto ndi mwana akulira, kenaka wina anati shii, zonse zinaleka. "Aboy, ndinu? Mwandiimbira?"

Agogo anatambasula dzanja kuti alandire foni. Ine sindinapereke.

Kusukulu ndikaimirira kuti ndiyankhe funso, mawu amathawira m'mimba. Apa anathawiranso komweko, koma ndinawatsatira.

"Si amalume."

"Ukuti chiyani? Kweza mawu, sukulankhula ndi mtsuko."

"Ndati si amalume, agogo. Ndine. Munali ku Segeneiti. Ndinaitsitsa, ndinaikwera kumsewu wa ku Massawa, ndinagunda mbuzi. Ndinailumikiza ndekha ku Medeber. Wamanzereyo ndine."

A Habteab anayang'ana m'kope mwawo, kenaka anayang'ana ine. "Sizikugwirizana. Ndalemba kuti bambo wa zaka makumi asanu."

Ndinawaonetsa dzanja lamanzere. Pachala chachikulu pali chipsera cha mkuwa. Anachiyang'ana ndi galasi, anayang'ana foloko, anayang'ananso chala. Kenaka anafufuta mzere wonse, ndipo anavulanso chipewa.

"Halo? Aboy? Luwam? Kwagwanji kumeneko?"

Agogo ankayang'ana chala changa, ndipo chala chawo chinkasisita chipsera chawo chomwe. Ndinadikira. Ndinali nditasankha kale zovala zoti ndinyamule.

"Unafika pati?" anafunsa.

"Agogo?"

"Mumsewumo. Mbuziyo unakumana nayo pati?"

"Nditadutsa mokhota mwachitatu."

"Unagwira buleki?"

"Ayi."

Anapuma mpweya wautali m'mphuno. Analanda foni m'manja mwanga.

"Mebrahtu. Mpando wanga ukhale pamthunzi." Anadula asanayankhidwe.

A Habteab anali atatsegula tsamba latsopano. "Dzina lonse, mwanawe? Ndipo unaphunzira kuti? Ndiyenera kulemba zolondola."

Ndinatsegula pakamwa, koma ndodo ya agogo inali itagwera kale pakope.

"Dzina lembani lonse, ndi langa lomwe," anatero. "Koma mulembe kuti anaphunzira ku Milano."